Diso Lamanja la a Koloko

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha achimwene anga, a Beniasi, amene Limbe yense ankawadziwa ndi dzina loti a Koloko. Chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Ndikumva kuti anthu akunena kuti ine Delesi ndinawononga mwambo. Anene, pakamwa mpawo. Tsiku limenelo ndinalidikira zaka zitatu, ndipo atati alibweze ndikhoza kuliwononganso chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Koma ndisanafike pa za Lowerukazo, muwadziwe kaye eni akewo, chifukwa pachilizapo anangolembapo dzina, zaka ndi vesi, ngati kuti munthu amathera pomwepo.

A Koloko ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina ya nsalu mu Limbe, zaka zoposa makumi anayi pamalo amodzimodzi. Katebulo kawo kanali ka galasi pamwamba, madirowa atatu, ndi mwendo umodzi waufupi umene ankauchirikiza ndi chitsekerero cha botolo. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kuchokera ku Chinyonga. Minibasi sankakwera. Ankati sangapereke moyo wawo kwa munthu amene amakuwa kuti watsala mmodzi pamene m'galimotomo muli anthu atatu. Makondakitala ankadziwa zimenezi, ndiye ankawaputa dala.

"A Koloko! Nthawi ili bwanji, madala?"

"Nthawi yoti ukasambe," ankayankha osadzutsa n'komwe mutu.

Diso anali nalo limodzi. Lamanzere linafa akadali mnyamata, sipuling'i ya koloko yapakhoma itadumpha n'kuwalasa. Lamanja linali lachilendo. Zakutali silinkaona, mwakuti ndikamabwera mumsewu ankandizindikira ndi kayendedwe basi, koma zapafupi linkaona ngakhale fumbi pa dzino la kagudumu kochepa ngati njere ya mawere. Akavala kagalasi kawo kakuda padisopo, nkhope yonse inkakwinyikira mbali imodzi, n'kuyamba kuing'ung'udzira wotchiyo m'Chilomwe cha makolo athu, amene anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi ku Mulanje. Ndi anthu sankayankhula Chilomwe. Ndi mawotchi okha.

Munthu akabweretsa wotchi yakufa, sankafunsa kuti yatani. Ankaitsegula kumbuyo, n'kuinunkhiza, n'kufunsa funso limodzi: madzi analowa liti? Nzeru zawo zonse zinali pamenepo. Ankanena kuti madzi sapha wotchi tsiku limene alowa. Chimene chimapha ndi masiku amene mwini wake wakhala akuiyanika pawindo poyembekeza kuti iuma yokha, dzimbiri likudya m'kati mwakachetechete pamene kunja galasi likuwala bwinobwino. Yobwera tsiku lomwelo ankaidzutsa. Ya masiku atatu ankati tiyese. Ya mwezi ankaibweza m'manja mwa mwini wake osaigwiranso.

Tsiku lina ndili pomwepo panaima bwana wina wa taye, wonunkhira mafuta.

"Yagwera m'beseni dzulo, madala."

A Koloko ananunkhiza, n'kusuzumira, n'kutseka.

"Dzulo la mwezi uti, bwana?"

"Mukuti ndikunama?"

"Ine sindinatero. Latero ndi dzimbiri. Akazi anu mukhoza kuwanamiza, koma dzimbiri limawerenga masiku."

Bwanayo anachoka akutukwana. A Koloko anapitiriza kudya chinangwa chawo.

Ine ndi iwo tinkakangana nkhani imodzi moyo wonse. Ankati ndilibe munthu amene ndimamukhulupirira, ndipo sankanama. "Iwe Delesi," ankatero, "ukadzafika kumwamba udzayamba wamufunsa mngelo chitupa." Ine ndinkati bola ine, iwo amanunkhiza mawotchi koma anthu sawanunkhiza. Munthu akangovala chovala choyera n'kutchula mawu awiri a Chizungu, a Koloko ankavula chipewa.

Munthu wa chovala choyera tinali naye m'banja momwemo. Fanuwelo ndi mwana wa malemu achemwali athu aakulu. Mayi ake atamwalira anamulera ndi a Koloko, kumudyetsa ndi kumuphunzitsa ndi diso limodzi lomwelo. Atakula anapeza ntchito yonyamula makatoni m'sitolo yogulitsa mankhwala m'tauni. Anamupatsa khoti loyera loteteza fumbi, iye n'kumalivala mpaka kumaliro. Anthu a ku Chinyonga anayamba kumutcha Dokotala, ndipo sindinamumvepo akukana.

Zinayamba Lolemba lina m'nyengo ya chiperoni. A Koloko anandiuza akuseka kuti akuona mphezi m'mbali mwa diso pamene kunja kulibe bingu, ndiponso tintchentche takuda touluka pamene palibe ntchentche. Lachitatu kuseka kunatha. Anati kwabwera chinthu ngati katani, chikutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Ndinawakakamiza kuti apite kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu. Tsiku limenelo ine ndinali ndi maliro ku Bangwe, ndiye anawaperekeza ndi Fanuwelo. Cholakwa changa m'nkhani yonseyi n'chimenecho, ndipo ndimachisenza ndekha.

Nditabwerako ndinawapeza ali pakhonde, Fanuwelo akumwa tiyi.

"Mayi aang'ono, musade nkhawa," anatero. "Ndi ng'ala. Matenda a ukalamba. Ng'ala sachotsa yaiwisi, imayenera ikhwime kaye. Alemba kuti tidzapitenso ikakhwima."

Tsono mumvetse chifukwa chake bodza limeneli linakhala bwino. Kwathu kuno diso la nkhalamba likayamba mdima, aliyense amadziwa kale dzina la matendawo ndi mankhwala ake: ndi ng'ala, dikirani ikhwime. Amayi oyandikana nafe anadikira zaka ziwiri, anakawachotsa, lero akulowetsa okha ulusi pasingano. Onse amene anabwera kudzazonda ankangonena zomwezo, mpaka akulu a mpingo. Sikuti ankanama. Ng'ala imadikiradi. Koma si mdima uliwonse umene uli ng'ala.

Ine ndinawagwira chibwano achimwene anga n'kuwatembenuzira kudzuwa. Ng'ala ndimaidziwa, imayera pakati pa diso ngati dontho la mkaka. Diso lawo linali lakuda bii, laukhondo ngati la mwana.

"Ng'ala yake ili pati?"

Fanuwelo anaseka. "Ina imayambira m'kati, mayi. Zinazi tisiyireni ife."

"Buku lawo la kuchipatala lili kuti?"

"Ndasunga ine, lingatayike."

Atachoka ndinawafunsa a Koloko zimene adokotala ananena. Anati sakudziwa. Fanuwelo analowa atavala khoti lija, n'kunena kuti nayenso ndi wa zamankhwala, basi awiriwo n'kumayankhulana m'Chizungu, iwo atangokhala pampando ngati katundu. Ndinati tipite kuchipatala chachikulu mawa. Anandikalipira kuti ndisiye kukayikira mwana amene anamulera okha.

Panali patatsala masabata atatu kuti chichitike chinkhoswe cha Fanuwelo. Mkazi wake woyamba anali atamusiya kalekale, ndipo tsopano anali atapeza mayi Felesita, mphunzitsi wokhala ku Chitawira, kwawo ku Nsanje. Abale a mkazi anali atapangana kale basi yodzawakweza kuchokera kuchigwa, tsiku silikanasuntha. Ndipo nkhoswe wamkulu wa Fanuwelo, mwinimbumba wathu, anali a Koloko. Chinkhoswe chopanda amalume, anthu a ku Nsanje akanati akwatitsa mwana wawo kwa munthu wotola.

Tsikulo a Koloko anavala suti yawo imodzi ija. Itafika nthawi yopatsana nkhuku, nkhoswe wakuchikazi anawapatsira thadzi, iwo n'kutambasula manja onse awiri kumbali kumene kunalibe kanthu. Anagwira mphepo. Anayesanso, anagwiranso mphepo. Anthu anafa nacho chiseko, amayi n'kululutira, poganiza kuti amalume akuchita nthabwala zokometsera mwambo. A Koloko nawonso anaseka. Ine ndinkayang'ana Fanuwelo. Iye yekha ndiye sanaseke. Anayang'ana nsapato zake.

Patapita masabata ena awiri, m'mawa wina anathira tiyi patebulo, kapu ili pambali. Sindinapemphenso chilolezo kwa munthu. Ndinawakweza minibasi, koyamba pa zaka makumi angapo, mpaka kuchipatala chachikulu kumene amaona maso.

Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi, wosachedwa ndi mawu. Anawathira mankhwala m'diso, n'kuunikamo ndi nyali nthawi yaitali. Kenaka anafunsa.

"Agogo, katani ameneyu anayamba liti kutsika?"

Funso lija la a Koloko linali litawapeza eni ake.

"Masabata asanu," ndinayankha ine.

Dokotalayo anaika cholembera pansi. "Iyi si ng'ala," anatero. "M'kati mwa diso, chakumbuyo, muli kansalu kopyapyala ngati kachikopa kam'kati mwa chigoba cha dzira. Ife timakatcha retina. Ndi kamene kamagwira kuwala. Koma sikadzidyetsa kokha. Kamamatirira kukhoma la diso, ndipo khomalo ndi limene limakapatsa mpweya ndi shuga, kukachotsera zinyalala, ndi kukonzanso mankhwala ogwirira kuwala akatha mphamvu. Kanu kanang'ambika pang'ono, madzi n'kulowa kuseri, n'kukamatula."

Ndinamuuza kuti abwereze zotsatirazo kawiri, ndipo potuluka ndinafunsanso namwino wina padera kuti ndione ngati zifanane. Zinafanana, n'chifukwa chake ndikuzikumbukira. Kansaluko kakachoka pakhoma pake, timaselo togwira kuwala timayamba njala ndi kubanika. Timawotcha shuga wotsala popanda mpweya wokwanira, asidi n'kumachuluka, m'katimo n'kumasasa ngati thobwa logona. Mankhwala amene timaseloto timatumizirana nawo uthenga amatayikira panja mopyola muyeso n'kusanduka poizoni wopha tinzake. Madzi akuseri aja, amene poyamba amakhala oyera ngati a pampopi, amayamba kulemera ndi kuchita chikasu. Pamapeto pake thupi, poyesa kupoletsa bala, limayamba kumanga chipsera, chipseracho n'kukoka kansaluko mpaka kukwinyika ngati jumbo yoyandikira moto. Zonsezi munthu osamva ululu ngakhale pang'ono, kunja diso likuoneka labwinobwino.

"Mukanabwera sabata yoyamba ija, katani asanafike pakati, bwenzi tikukamba zina," anamaliza motero.

A Koloko anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati mmisiri amene wamva mmisiri mnzake.

"Dzimbiri," anatero. "Ndiye kuti ndine ya mwezi. Ndibwezeni, mayi. Inenso ndikanabweza."

"Ife sitibweza munthu, agogo. Tiyesa. Koma sindikunamizani."

Anayesadi. Anakabwezeretsa kansaluko pakhoma pake n'kuthiramo mafuta oti akatsamire, ndipo a Koloko anayenera kugona chafufumimba masiku ambiri, nkhope pansi. Ndinawatengera kunyumba kwanga, n'kuboola pilo pakati kuti azipuma. Pansi pa bedi ndinaikapo mawotchi atatu a m'dirowa mwawo kuti asasungulumwe. Tsiku lachiwiri anandiitana n'kunena kuti yapakatiyo ikutsalira. Ndinakayerekeza ndi wailesi. Inkatsaliradi. Makutu anali amoyo, manja anali amoyo, kansalu kanali katabwerera pamalo pake. Koma zimene zinafa m'masabata asanu aja zinali zitafa. Chimene chinabwerera n'kungosiyanitsa kumene kuli khomo ndi kumene kuli khoma.

Buku lija ndinalipeza ndekha. Ndinapita kukacheza ku Chitawira Fanuwelo kulibe, mayi Felesita n'kulowa kukhitchini kukandiphikira tiyi. Khoti loyera linali kuseri kwa chitseko. Ndinapisa dzanja m'thumba. Wina anene kuti ndi kuba. Buku linali la achimwene anga.

Chizungu cha madokotala sindichitha, ndiye ndinakawerengetsa kwa anthu atatu osadziwana: mphunzitsi wina wopuma wa kutchalitchi kwathu, namwino amene ndinakhala naye pampando umodzi m'minibasi, ndi bambo wina wolembera anthu makalata m'tauni. Onse atatu ananena chimodzi. Akukayikira kuti kansalu kam'diso kamatuka. Apite lero lomwe kuchipatala cha maso. Ndipo pansi pa mawu oti mwachangu panali mizere iwiri, yolemba mokanikiza mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Za ng'ala munalibe.

Nditawauza a Koloko, anakhala nthawi yaitali akupotokola kagalasi kawo m'manja. Kenaka anati anadziwa kale, tsiku lomwe lija la dokotala wa maso. Anati ndiliwotche bukulo, chifukwa ndi mwana wa mchemwali wathu, ndipo mbumba ikasweka siikonzeka ngati wotchi. Ine ndinati ndamva. Kumva si kuvomera.

Musaganize kuti iwo analibe mtima. Fanuwelo akabwera kudzawaona ndi kabotolo ka mavitamini, a Koloko sankamufunsa za kunyumba kapena za kuntchito. Ankangoti, "Nthawi ili bwanji, Dokotala?" Akayankha, iwo ankati, "Wotchi yako ikutsalira," n'kutembenukira kukhoma. Zaka ziwiri, mawu omwewo. Anamwalira Lamulungu lina masana, ali pampando pakhonde langa, kagalasi kali m'dzanja. Pachikalata analemba matenda a mtima. Ine ndimati anafa ndi kukhala.

Tsono Loweruka lija. Mapemphero atatha ndi nsalu itachotsedwa pachiliza, mbumba inakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mandawo kuti itchule wolowa m'malo mwa a Koloko. Kwathu amasankha mwinimbumba ndi amayi, ndipo mayi wamkulu amene watsala ndine. Aliyense ankadziwa kuti ndi Fanuwelo. Ndi amene anathamangathamanga za chiliza, ndi amene anayankhula nthawi yaitali za momwe anawasamalira amalume ake, mpaka kutchula kuti ndiye anayamba kuwatengera kuchipatala. Pamenepo m'pamene ndinamasula chikwama changa.

"A Dokotala," ndinatero, "poti ndinu munawaperekeza, tawerengerani anthuwa zimene analemba tsiku lija. Ine maso anatha."

Ataliona bukulo, nkhope yake inachita phulusa.

"Mayi aang'ono, pano si malo ake."

"Malo ake ndi kuti? Eni diso agona apa. Werengani."

Analitsegula. "Alemba kuti... vuto la diso... monga ng'ala..."

"Zikuoneka kuti nanunso yayamba kukhwima. Madamu, inu ndinu aphunzitsi, tawathandizani amuna anu."

Mayi Felesita analandira mwaulemu, ndi manja awiri, osadziwa kanthu. Anawerenga chamumtima. Ndinaona maso awo akubwerera pamwamba pa tsamba, pamene panali deti, ndi milomo ikuwerenga masabata. Tsiku la chinkhoswe chake mkazi saliiwala. Kenaka anawerenga mokweza m'Chichewa, liwu ndi liwu, ngati ali m'kalasi, mpaka mizere iwiri ija anaitchula. Atamaliza anayang'ana mwamuna wawo.

"Ndiye nkhuku ija," anatero, "amalume sankachita nthabwala?"

"Ndinkati masabata atatu okha!" Fanuwelo anakuwa. "Chinkhoswe chikangotha ndiwatengera! Abale anu anali atapangana kale basi! Aliyense amadziwa kuti diso la nkhalamba limadikira!"

"Aliyenseyo sanawerenge buku," ndinatero. "Munawerenga ndinu. Ndipo chinkhoswe chitatha munakhalanso masabata awiri, chifukwa kuwatengera kukanaulula bodza lanu."

Palibe amene anatchula dzina la wolowa m'malo, ndipo ine sindinatchule. Mbumba yathu lero ilibe mwini. Mayi Felesita ndamva kuti ali kwa mng'ono wawo ku Kanjedza. Amenewo ndiye ndimawamvera chisoni, analibe mlandu, koma dzimbiri silisankha gudumu. A Koloko ananena kuti mbumba idzasweka, ndipo yaswekadi. Sankalakwitsa kawirikawiri.

Lamulungu abusa anabwera kudzandiuza za kukhululuka. Ndinawaphikira tiyi, ndinawamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka ndinawauza kuti sindikukana. Kungoti kukhululuka nakonso sachotsa kwakuwisi. Kukhwime kaye.

Dzulo ndinapita ku Limbe, kukhonde lija. Sitolo ya nsalu ikadalipo. Kumanja kuli mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni, kumanzere mayi wa masokosi, ndipo onse awiri chaka chilichonse akusendera pang'ono, koma pakatipo pakadali mpata wokwana katebulo kamodzi. Pasimenti pali mabala anayi a miyendo. Atatu ndi a makona. Lachinayi ndi lozungulira, la mano mano, pamene chitsekerero cha botolo chinadinda zaka makumi anayi. Pakhoma pali msomali umene ankapachikapo chipewa, ndi bwalo lakuda pamene mutu wawo unkatsamira akatopa.

Ndili chiimire panafika bambo wina wachikulire, atakulunga kanthu m'kampango. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mayi, madala a mawotchi aja anasamukira kuti?"

"Madzi analowa liti?" ndinamufunsa.

"Dzulo."

Ndinamuyang'ana m'maso mpaka anayang'ana pansi. Anabweza kampango kake m'thumba n'kumapita.

Dzuwa linali litafika pa bala lozungulira lija, nthawi imene a Koloko ankatulutsa chinangwa chawo. Patsidya pa msewu kondakitala ankamenya chitseko cha minibasi, akukuwa kuti watsala mmodzi, watsala mmodzi. M'galimotomo munali anthu atatu. Pakhondepo panalibe womuuza kuti akasambe.